Mwana wa ku Ulongue wagwidwa ku Joni, amulemba kuti ndi Mmalawi: boma lathu lingamuthandize mpaka pati?

Nambewe_Ulongue

Moni nonse abale. Ndabwera ndi nkhani ya banja lina loyandikana nalo kuno ku Ulongue, ndipo ndikhulupirira kuti mabanja ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano akumanapo nayo. Mnyamata wawo wa zaka 24 anapita ku Joni kukagwira ntchito yomanga. Masiku ake a pa pasipoti anatha kalekale, pasipotiyo anaitayanso. Sabata yatha apolisi anamugwira pa chipikisheni. Anakwanitsa kuimba kamodzi pa foni ya mnzake, n'kunena kuti atamva akulankhula Chichewa anamulemba kuti ndi Mmalawi. BI yake, chitupa cha unzika, inatha mphamvu ndipo ili kuno kwa mayi ake, pamodzi ndi cédula, kabuku kolembetsera kubadwa kwake. Tsopano kuli bambo wina amene akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti banja litumize marandi 4,000 kuti mnyamatayo atuluke.

Kodi banja liyambire pati? Nanga a consulado athu ali ndi mphamvu yanji pa munthu wotsekeredwa m'dziko la eni?

Funso lachiwiri ndi langa. Pa wailesi timamva nthumwi zathu ku United Nations zikulankhula zoteteza anthu wamba pa nkhondo. Koma anyamata kuno akulembetsa ntchito za kunja zomwe akuziona pa Facebook, zina kumayiko komwe kukulira mfuti. Mwana wa ku Tete akagwidwa m'dziko la nkhondo, mawu aja a ku New York amamufikira?

aPhiri_Moatize

Mayi Nambewe, ndiyambe ndi za ndalamazo chifukwa n'zachangu. Asatumize. Belo ya ku South Africa imalipidwa pa polisi kapena kwa kalaliki wa khoti, ndipo wolipira amapatsidwa risiti yomwe amadzatengera ndalama zake mlandu ukatha. Munthu wouza banja kuti litumize pa Mukuru kapena pa M-Pesa m'dzina lake alibe chitseko chilichonse chomwe angatsegule. Nambala ya kumudzi amaitenga kwa wogwidwayo kapena kwa anzake. Akaimbanso amufunse dzina la polisi komwe mnyamatayo akusungidwa, nambala ya mlandu yomwe kumeneko amati CAS, ndi tsiku lokaonekera ku khoti. Wakuba sayankha mafunso amenewa, amangowonjezera kuopseza.

Chotsatira n'kudziwa kuti mnyamatayo ali panjira iti, chifukwa njira zilipo ziwiri ndipo zonse zimachokera mu Immigration Act ya 2002. Yoyamba ndi ya mlandu. Ndime 49 imati kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandu, ndiye munthu amapita kwa majisitireti, n'kulipitsidwa chindapusa kapena kugwira ndende, akamaliza ndiye amaperekedwa kwa a Home Affairs kuti amubweze kwawo. Yachiwiri ndi ya ndime 34, yongosungidwa podikira kubwezedwa, ndipo ambiri amakasungidwira ku Lindela, ku Krugersdorp m'chigawo cha Gauteng. Panjira imeneyi lamulo limalola masiku 30, khoti likhoza kuwonjezera ena osapitirira 90, ndiye malire onse ndi masiku 120. Mu 2017 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula, pa mlandu womwe anabweretsa a Lawyers for Human Rights, kuti wogwidwa aonekere yekha pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Banja lilembe tsiku lenileni lomwe anagwidwa, chifukwa loya aliyense adzayambira kuwerenga pamenepo.

Tsopano za consulado. Pangano lake ndi la ku Vienna la 1963 loona za ntchito za makonsulo, ndipo Mozambique, South Africa, Malawi ndi Zimbabwe onse analowamo. Ndime 36 ili ndi zinthu zomwe aliyense wopita kunja ayenera kuziloweza pamtima. Apolisi ayenera kuuza wogwidwa mosazengereza kuti ali ndi ufulu wodziwitsa consulado ya dziko lake. Akapempha, apolisi ayenera kudziwitsa consuladoyo mosazengereza ndi kutumiza kalata iliyonse yomwe iye walemba. Konsulo ali ndi ufulu womuyendera, kulankhula naye ndi kumuthandiza kupeza loya. Koma onani mawu akuti "akapempha". Panganoli silikakamiza apolisi kuimbira consulado ngati mwini wake sanapemphe, ndipo wogwidwa akakana poyera, konsulo sangamuyimire. Anyamata athu ambiri sapempha chifukwa cha mantha, poganiza kuti akadziwika ndi boma lathu zinthu ziipiratu. Zotsatira zake n'zakuti palibe ofesi ya Mozambique yomwe imadziwa kuti munthuyo alipo.

Ndiye mawu oyamba oti afikitsidwe kwa mnyamatayo, kudzera mwa mnzake uja, ndi awa: anene pamaso pa wapolisi ndi pamaso pa majisitireti kuti ndi nzika ya Mozambique, akufuna consulado idziwitsidwe, ndipo apemphe kuti mawuwo alembedwe. Apemphenso womasulira. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa, pa ndime 35, amapereka ufulu woti mlandu umasuliridwe m'chinenero chomwe woimbidwa akumva, komanso loya wolipiridwa ndi boma ngati kusowa loya kungamubweretsere kupanda chilungamo kwakukulu. Maloya amenewa ndi a Legal Aid South Africa ndipo amapezeka m'makhoti a majisitireti. Asasaine pepala lomwe sanalimve. Makamaka pepala lovomera mlandu n'kulipira chindapusa pa polisi pomwepo limaoneka ngati njira yachidule, koma limatha kumusiyira mbiri yoti anapalamulapo.

Banja nalo lisadikire apolisi. Likhoza kulembera lokha ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku consulado ya ku Johannesburg. Kalatayo ikhale m'Chipwitikizi, yaifupi, yokhala ndi dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira, mayina a makolo, tsiku logwidwa, polisi ndi nambala ya CAS. Kopi ina ipite ku unduna wa zakunja, MINEC, ku Maputo, komwe kulinso INACE, nthambi yoona za a Mozambique okhala kunja.

Koma banja limvetsetse malire ake. Konsulo samasula munthu. Salipira belo kapena chindapusa, sauza woweruza chochita, ndipo si loya wa wogwidwayo. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti munthuyo ndi wathu, kuona ngati akusungidwa mwaumunthu, kudandaula ku boma la kumeneko ngati wamenyedwa kapena wapitirira masiku a lamulo, ndi kumupatsa certificado de emergência, chikalata choyendera ulendo umodzi wobwerera kumudzi. Ngakhale apolisi ataphwanya ndime 36, sizitanthauza kuti mlandu wafa. Pa mlandu wa Avena mu 2004, womwe Mexico inasumira United States ku khoti la dziko lonse ku The Hague chifukwa cha nzika zake zopitirira 50 zomwe zinagamulidwa kuti ziphedwe, khotilo linati milanduyo iunikidwenso, silinati anthuwo amasulidwe.

Mphunzitsi_Domue

APhiri afotokoza bwino za malamulo. Ine ndikhale pa nkhani yoti amulemba Mmalawi, chifukwa kwa ife a m'malire vuto lenileni lili pamenepo, ndipo mankhwala ake ali kuno kumudzi, osati ku Joni.

Munthu sabwezedwa kwawo dziko lake lisanavomere kuti ndi wake. Akalembedwa Mmalawi, amene adzabwere kudzamufunsa mafunso ndi a ofesi ya Malawi. Akamukana, fayilo imabwerera poyambira, masiku akungotha ali m'kati. Akamuvomera, zala zake zimalowa m'makina a South Africa pansi pa dziko lolakwika, ndipo tsiku lomwe adzafike pa chipata ndi pasipoti ya Mozambique zala zidzanena zina, pepala lidzanena zina. Tinene chilungamo, anyamata ena amadzitcha Amalawi dala. Amawerengera kuti akatsitsidwa ku Malawi, kuchoka ku Dedza kulowa pa Calomue kufika ku Ulongue ndi ulendo waufupi, pamene a Mozambique amakasiyidwa ku Ressano Garcia, kum'mwera kwenikweni. Nzeru imeneyi ndimaimvetsa koma n'njoopsa. Kunama kwa wa imigireshoni ndi mlandu pawokha, ndipo munthuyo akadwala kapena kumwalira ali m'manja mwawo, uthenga umapita ku dziko lomwe silimudziwa. Ndime 37 ya pangano la ku Vienna lomwe lija imati imfa ya mlendo idziwitsidwe ku consulado ya dziko lake, ndipo dziko lake ndi lomwe linalembedwa pa fayilo.

Mnyamata wanuyo ali ndi mwayi chifukwa anakhalapo ndi BI ndi pasipoti. Ndiye kuti chithunzi ndi zala zake zili kale ku Identificação Civil ndi ku SENAMI, ofesi yathu ya imigireshoni. BI yotha mphamvu siyendera ulendo, koma imatsimikizabe kuti ndi nzika. Mayi akewo aijambule mbali zonse ziwiri pamalo owala, nambala zioneke bwino, osati chithunzi chogwedera chojambulidwa usiku ndi tochi. Ajambulenso cédula, makamaka tsamba lomwe lili ndi nambala ya assento ndi chaka cholembetsera. Ndi nambala imeneyo apite ku Conservatória do Registo Civil komwe analembetsedwa akatenge certidão de nascimento yatsopano. Awonjezere BI ya mayi ndi ya bambo, ndi kalata ya secretário wa bairro kapena ya mfumu ya m'mudzi yodindidwa ku posto administrativo. Satifiketi ya sukulu ndi cartão de eleitor zimathandizanso ngati zilipo. Mapepala enieni asachoke pakhomo. Atumize zithunzi, ndipo ngati consulado yafuna mapepala, atumize makopi otsimikizidwa kwa notário, osati kupatsa woyendetsa basi cédula yeniyeni.

Chinthu chomwe chimasokoneza kwambiri ndi kalembedwe ka mayina. Kwathu kuno olembetsa amatsata Chipwitikizi, ndiye Kamwendo amalembedwa Camuendo, Chikondi amakhala Chicondi, pamene wapolisi wa ku Joni amalemba momwe wamvera ndi khutu. Komanso m'mapepala athu dzina lachiwiri nthawi zambiri limakhala la bambo, pomwe mnyamatayo pa polisi mwina anatchula mfunda wake, Banda kapena Phiri, womwe pa BI palibe. Wa consulado akafunsa dzina la pa BI, amauzidwa kuti munthu wotero kulibe. Choncho m'kalata alembe dzina la pa BI ndendende, kenako mayina ena onse omwe amadziwika nawo, ndi tsiku lobadwa.

Mnyamatayo akonzekerenso mafunso. Ana athu ambiri a kumidzi Chipwitikizi n'chochepa, ndipo wofunsa akhoza kukhala wa kum'mwera wosamva Chichewa. Adziwe kutchula distrito yake, posto administrativo (kwa ife a Angónia ndi Ulongue kapena Domue), localidade, dzina la mfumu ndi sukulu yomwe anaphunzira. Kulankhula Chichewa si umboni woti munthu ndi Mmalawi, ndipo asachite manyazi kunena zimenezo.

Ndiwonjezere za amene anatenga chitupa cha Malawi pa kalembera wa 2017, chifukwa m'midzi ya m'malire alipo. Munthu wotere akagwidwa ku Malawi, boma la kumeneko limamutenga ngati nzika yake ndipo silikakamizika kulola kazembe wathu wa ku Lilongwe kapena consulado ya ku Blantyre kulowererapo. Akagwidwa m'dziko lachitatu, kawirikawiri amaona pasipoti yomwe analowera.

Nambewe_Ulongue

Zikomo kwambiri aPhiri ndi aphunzitsi. Ndawauza mayi ake asatumize kalikonse, ndipo mawa m'mawa apita ku Registo ndi cédula. Za mayina mwalasa, chifukwa pa BI pali dzina la bambo ake koma anzake onse amamuitana ndi mfunda. Nanga funso lachiwiri lija, la kunkhondo?

Jere_Furancungo

Mayi, funso lanu lachiwiri n'lolemera ndipo yankho lake lili m'malamulo athu enieni. Constituição ya 2004, pa ndime 17, imati Mozambique imachita ubale ndi mayiko ena polemekezana ufulu wodzilamulira ndi posalowerera nkhani za m'kati mwa dziko lina. Ndime 22 imati dziko lathu limatsata mtendere, limagwiritsa ntchito zida podziteteza pokha, ndipo limaika patsogolo kukambirana. Mavoti athu amachokera pamenepo. Mu March 2022, pamene msonkhano waukulu wa United Nations unkavota kudzudzula Russia polowa mu Ukraine, Mozambique sinavotere mbali iliyonse. Mu 2023 ndi 2024 tinali ndi mpando mu Security Council. Pa 25 March 2024 kazembe wathu wa nthawiyo ku United Nations, Pedro Comissário, ndiye anapereka, m'malo mwa mayiko 10 osankhidwa, chigamulo 2728 chofuna kuti nkhondo ya ku Gaza iyambe yaima m'mwezi wa Ramadan ndi kuti ogwidwa ngati chikole onse amasulidwe. Mayiko 14 anavomera, United States sinavote mbali iliyonse. Ndiye mfundo ya boma ndi yakuti pa funso la amene walakwa limapewa kuloza chala, koma pa zoteteza anthu wamba limalankhula.

Kodi zimenezo zimamufikira mwana wa ku Tete? Chigamulo cha ku New York sichitsegula ndende. Chomwe chimagwira ntchito ndi mapangano anayi a ku Geneva a 1949, omwe Mozambique inalowamo mu 1983. Lachinayi ndi loteteza anthu wamba, ndipo muli mfundo ina yomwe ambiri saidziwa. Ndime 4 imati nzika ya dziko losatenga mbali, yomwe ili m'dziko lomwe likumenya nkhondo, siwerengedwa m'gulu la otetezedwa mwapadera ngati dziko lake lili ndi ukazembe wabwinobwino m'dziko lomugwiralo. Olemba panganoli ankati munthu wotere ali kale ndi womuyankhulira. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti kusatenga mbali kwa boma lathu kumabweza udindo wonse kwa kazembe. Wa Mozambique akagwidwa ku Russia, komwe tili ndi ofesi ya kazembe ku Moscow, njira yake ndi ya ndime 36 yomwe afotokoza aPhiri, ndipo mphamvu yake ili pa kulimbikira kwa ofesiyo. Izi sizikutanthauza kuti akhoza kuzunzidwa. Kupha, kuzunza, kugwira munthu ngati chikole ndi kulanga popanda kuzenga mlandu n'zoletsedwa kwa aliyense amene sakumenya nawo nkhondo, ndipo ndime 75 ya pangano lowonjezera loyamba la 1977 imanena zimenezo mosabisa.

Komwe tilibe ukazembe, kapena m'dera lomwe asilikali a dziko lina alilanda, pangano lachinayi limamuteteza mokwanira. Ndime 35 imamulola kutuluka m'dzikomo, kupatula ngati boma la kumeneko likuona kuti kuchoka kwake kuliika pachiswe. Akatsekeredwa chifukwa cha chitetezo popanda mlandu, nkhani yake iyenera kuunikidwanso kawiri pa chaka. Pasanathe sabata imodzi ayenera kuloledwa kutumiza khadi lodziwitsa banja lake ndi ofesi ya Red Cross yofufuza anthu ku Geneva komwe ali ndi momwe thanzi lake lilili. A Red Cross ya dziko lonse ali ndi ufulu womuyendera ndi kulankhula naye popanda mlonda kumvetsera.

Banja la kuno lingachite ichi. Lipite ku Cruz Vermelha de Moçambique mu mzinda wa Tete likalembetse pempho lofufuza m'bale. Salipiritsa. Amafuna dzina lonse, tsiku ndi malo obadwira, mayina a makolo, komwe ankakhala komaliza, tsiku lomaliza kulankhulana naye ndi chithunzi. Akapezeka, mumalemberana pa pepala lawo losamata, lomwe omusunga amaliwerenga, ndiye mulembe za pabanja zokha. Mukaikamo za ndale kapena za asilikali kalatayo siidutsa. Ngati munthu ali m'dziko lomwe tilibe ofesi, agogode ku ofesi ya kazembe wa Portugal, Brazil kapena Angola, chifukwa mayiko olankhula Chipwitikizi a CPLP anapangana mu 2008 zothandizana pa ntchito za makonsulo.

Za anyamata olembetsa ntchito pa Facebook ndilankhule mosapsatira. Zonse ndatchulazi ndi za munthu wamba. Ukangovala yunifomu kapena kunyamula mfuti, wachoka m'gulu limenelo ndipo kukuwombera si mlandu. Ndime 47 ya pangano la 1977 imati womenya nkhondo chifukwa cha malipiro, yemwe si nzika kapena msilikali wa mbali iliyonse, alibe ufulu wotengedwa ngati mkaidi wa pankhondo. Ngakhale wogwira ntchito wamba mu fakitale yopanga zida ali pangozi, chifukwa fakitaleyo ndi malo ololedwa kuphulitsidwa. Anansi athu a ku Zambia analira mu 2022. Mnyamata wawo wophunzira ku Moscow, yemwe anali kundende pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo, anatulutsidwa kuti akamenye nkhondo ku Ukraine ndipo anafa mu September. Boma la Zambia linalengeza imfayo mu November, thupi linafika mu December. Zambia inali ndi kazembe ku Moscow nthawi yonseyo, koma inamva zitachitika kale. Ndiye wopita kunja asapereke pasipoti kwa womulemba ntchito, asasaine kontirakiti ya m'chinenero chomwe sakumva, asiye makopi a mapepala kumudzi, ndipo akafika akalembetse ku ofesi ya kazembe atenge cartão consular. Nkhondo ikabuka, mndandanda wa oti asamutsidwe umachokera m'kaundula ameneyo.

Ife a ku Tete sitiyenera kuuzidwa ndi alendo kufunika kwa malamulo amenewa. Pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu wamba pafupifupi 400 ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo. Dziko lapansi linamva mu July 1973 wansembe Adrian Hastings atalemba mu nyuzipepala ya The Times ku London, ndipo nduna yaikulu ya Portugal pa nthawiyo, António Costa, inapepesa ku Maputo mu 2022, patapita zaka 50. Pa nkhondo ya zaka 16 anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri ochokera kuno, mpaka mtendere wa ku Rome wa pa 4 October 1992. Nthumwi yathu ikamalankhula za anthu wamba ili ndi poyambira penipeni.

Nangozo_Zobue

AJere, zonse mwanenazo n'zoona, koma ine ndikuona kuti mwalichitira boma ulemu wopitirira. Nkhani si yakuti lilibe mphamvu yomenyera nzika yake kunja. Likafuna limamenya. Manuel Chang, yemwe anali nduna ya zachuma, anagwidwa pa bwalo la ndege la OR Tambo pa 29 December 2018 chifukwa cha ngongole zobisika. Boma lathu linalemba maloya ku South Africa n'kulimbana m'makhoti zaka zopitirira zinayi kuti abwere kuno m'malo mopita ku United States. Linagonja, anatumizidwa ku New York mu July 2023 ndipo anapezeka wolakwa mu August 2024, koma khama lake tinaliona tonse. Mwana wa ku Ulongue sakupempha zaka zinayi za maloya. Akupempha kuti wina ayankhe foni ndi kupita kukamuona.

Ndipo pa za anthu wamba, muyeso wabwino ndi wa pakhomo. Mu 2015 ndi 2016, pa kumenyana kwa asilikali a boma ndi a Renamo, anthu masauzande a m'boma la Moatize anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi, ndipo kenako a UNHCR anawasamutsira ku Luwani ku Neno, msasa womwewo womwe unasunga makolo awo pa nkhondo yoyamba ija. Pangano lowonjezera lachiwiri la 1977, loteteza anthu wamba pa nkhondo ya m'dziko momwemo, tinalowamo mu 2002. Amene anagona ku Kapise ali ndi ufulu wofunsa ngati mawu a ku New York amagwiranso ntchito ku Nkondezi, dera la ku Moatize komwe anathawa.

Pali mbali inanso yomwe timaiwala. Ndime 36 imatimanga ifenso. Msewu wathu wa Zóbuè ndi wa Calomue umadutsa anthu ambiri ochokera ku Ethiopia ndi ku Somalia opita ku Joni. Mu March 2020 anthu 64 a ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole ku Mussacama, 14 okha ndiwo anatuluka amoyo. Mlendo akagwidwa kuno ayenera kuuzidwa za consulado yake, kupatsidwa womasulira ndi loya wa IPAJ, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, ngati alibe ndalama. Kazembe wathu akamadandaula ku Pretoria, mawu ake amalemera malinga ndi momwe ifeyo timasungira ana a eni m'zitolokosi zathu.

Mayi Nambewe, malangizo anga ndi oti banja lisalembe kalata imodzi n'kukhala pansi. Lilembe, lisunge kopi yokhala ndi tsiku, ndipo pakatha sabata lilembenso potchula kalata yoyamba. Ngati pali m'bale ku Gauteng amene mapepala ake ali bwino, apite yekha ku consulado ndi makopi m'manja, afunse dzina la ofisala yemwe walandira nkhaniyo. Wopanda mapepala asayerekeze kupita ku polisi kapena ku Lindela kukaona mnzake, angakhalire komweko.

aPhiri_Moatize

Anangozo anena zoona pa za kulimbikira, ndipo kalata zokhala ndi masiku zimathandizanso loya. Masiku 120 akadutsa munthu akadali m'kati, a Lawyers for Human Rights kapena a Legal Aid akhoza kupempha khoti lalikulu kuti amasulidwe, ndipo umboni woti banja linapereka mapepala otsimikiza dziko lake kalekale umalimbitsa pempholo.

Banja likonzekerenso tsiku lotuluka, chifukwa apa ndi pomwe ndalama zija zidzafunike. A Mozambique amakatsitsidwa ku Ressano Garcia, ndipo kuchokera ku Maputo kufika ku Tete ndi makilomita opitirira 1,500, kudzera Inchope, Chimoio ndi Changara, kenako ena opitirira 200 kukafika ku Ulongue. Ambiri amafika pa malire alibe foni, alibe ndalama, katundu yense anatsala ku nyumba ya lendi, ndipo n'chifukwa chake ena amangotembenuka n'kudumphanso waya usiku womwewo. Mnyamatayo aloweze pamtima nambala imodzi ya kumudzi. Ndalama ya basi itumizidwe pokhapokha mayi ake atamva mawu ake enieni, ndipo ipite pa nambala ya M-Pesa kapena e-Mola ya munthu yemwe iye waima naye pamenepo. Anzake a ku Joni asonkhanitse katundu ndi malipiro ake otsala panopa, mwini nyumba asanazigulitse.

Asunge pepala lililonse lomwe a Home Affairs amupatse, chifukwa ndi lomwe limanena zaka zomwe waletsedwa kulowanso. Kwa wopitirira masiku ake, malamulo awo a 2014 amati osapitirira masiku 30 ndi chaka chimodzi, kubwereza mkati mwa miyezi 24 ndi zaka ziwiri, ndipo kupitirira masiku 30 ndi zaka zisanu. Wobwezedwa ndi boma amafunika chilolezo cholembedwa cha a Home Affairs asanabwererenso, ngakhale atatenga pasipoti yatsopano, popeza pa chipata amaona zala. Akafika kumudzi ayambe ndi kukonzetsa BI ku Identificação Civil, akanene ku polisi za pasipoti yotayika ija atenge kalata yake, kenako ndiye apite ku SENAMI.